Kuyesa Njinga za Baba

Ndiyambe ndi chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga. Ndikakhala panjinga m'tinjira ta m'tchire kuseri kwa Woodlands, ndimaiwala kuti ndinabereka. Sindikunena kuti nkhawa imachepa ayi. Mwana amachokeratu m'mutu mwanga, mwina theka la ola, mwina kuposa, ndipo ndikamukumbukira pageti potuluka, manyazi amandigwira ngati ndaba.

Kuti mundimvetse, mudziwe kaye mmene ndinalili. Mwana wanga wamkazi atabadwa, sindinkakhulupirira kuti angapume ine ndisakumuyang'ana. Ndinkasamba chitseko cha bafa chili chotsegula. Ndinkasiya anyezi akupserera pamoto n'kuthamangira kuchipinda kukaika chala pansi pa mphuno yake. Ndili ndi satifiketi ya uphunzitsi wa sukulu ya mkaka, ndipo zonse zimene ndinalemba m'kope kuti ndikhoze mayeso, za kutsamwa, za malungo, za kukomoka, zinabwerera chimodzichimodzi kudzandiopseza. Apongozi anga, amene timakhala nawo ku Chelstone chimwalirireni amuna awo, ankati, "Amake mwana, mumutha mwanayu ndi maso." Ankanena moseka. Ine sindinkaseka.

Bambo anga, amene tonse timawatchula kuti Baba, amakonza njinga ku Kabwata, m'kashedi ka malata kutsogolo kwa nyumba imene ndinakulira. Makolo awo anachokera ku Malawi kalekale, ndipo pakhomo pathu chilankhulo sichinasinthe kwenikweni, ngakhale kuti tikangotuluka pageti timalankhula cha m'tauni ngati wina aliyense. Amayi anatisiya ndili ku sekondale. Masana ambiri ndinkakhala m'shedimo, ndipo ndinadziwa kumanga masipoko ndisanadziwe kuphika mpunga wosapsa. Baba ali ndi lamulo limodzi limene sanaliphwanyepo: njinga siibwerera kwa mwini wake iwo asanaikwere. Ukaitembenuza miyendo m'mwamba n'kuzungulitsa tayala ndi dzanja, amatero, imakunamiza. Uikhalire ndiye ikuuze pamene ikumva kuwawa.

Chaka chimene ndinabereka, anthu ena anakumba tinjira ta njinga m'tchire la kumapiri, ukadutsa Woodlands. Posakhalitsa, m'shedi mwa Baba munayamba kubwera njinga zachilendo: matayala onenepa a mano, masipuling'i kutsogolo, magiya ambirimbiri, mabuleki oyendera mafuta. Eni ake anali a ku Kabulonga ndi ku Woodlands komweko, ozitsitsa pamwamba pa galimoto. Wina anali atawauza kuti ku Kabwata kuli mdala amene akawongola limu ya tayala, imawongoka. Baba ankazikonza, n'kuzikwera mozungulira misewu yathu ya tala, mawondo awo akulira. Koma njinga zimenezi si za pa tala.

Loweruka lina ndinapita kukawaona, mwana ali kumsana, ali ndi miyezi isanu ndi umodzi. Ndinapeza mayi wina wa ku Kabulonga akutsitsa njinga yomweyo kachiwiri.

"Ba mudala, pa tala ili bwino," anatero mayiyo, mwaulemu ndithu. "Koma nikayamba kukwela phili, cheni ilumpha. Dzulo ninatsala pang'ono kugwa."

Atapita, Baba anakhala pa kampando kawo. Sindinawaonepo atachita manyazi chotero. Kuti ndiwaseketse ndinati, "Ndikaiyese ine kuphiriko?"

Sanaseke. Anayang'ana mwana, anayang'ana ine. Kenako anapita pampopi, n'kusamba m'manja ndi sopo katatu mpaka m'zigongono, ngati akukonzekera swala ya ku mzikiti. Anabwera atatambasula manja.

"Bwera naye kuno, mama. Giya yachitatu ndi yachinayi, uimvetsere pokwera."

Ndinali ndisanamusiyirepo munthu mwanayo, ngakhale apongozi. Mpaka lero sindidziwa chimene chinandimasulitsa chitenje. Ndinavala thalauza lakale limene linatsala m'chipinda changa cha pautsikana, chisoti cha mwini njinga pamwamba pa mpango, n'kunyamuka. Pa maloboti oyamba ndinatembenuka kuti ndibwerere. Ku Woodlands ndinatembenukanso, chifukwa ndinamva mwana akulira, koma anali wa munthu wina m'galimoto. Baba anali atamuimbira foni mayi uja, naye n'kuuza a pageti la tinjira tija, choncho nditafika bambo wa pageti anandilandira ngati amandidziwa.

"Shani ba sista, ndimwe a kwa ba mudala wa njinga? Yambani na njila yobiliwila. Yabuluu mukazolowela. Yofiila ikalibe kusila, bakali kukumba."

Tinjirato n'topapatiza, tokwana tayala limodzi basi. Timakhotakhota pakati pa misuku, ndipo pamakona anakweza dothi m'mbali ngati mlomo wa mbale, kuti munthu upendekeke osagwa. Dothi linali lisanalimbe, lofiira, lonunkhira ngati munda wongolima kumene. Penapake anaika timilatho ta matabwa atsopano, misomali ikadali kung'anima. Patsogolo ndinapeza amuna atatu ali ndi makasu ndi wilibala, ndipo anaima pambali n'kundiombera m'manja monyoza pang'ono, chifukwa ndinkatsika ndikukoka mapazi pansi.

Kenako panabwera chitsikiro chachitali. Munthu sungaganize china pamenepo. Maso amafuna muzu uli kutsogolo, zala zimafuna buleki, matako amadzichotsa okha pachishalo. Mphepo inalowa pansi pa mpango n'kundiziziritsa khosi. Nditafika pansi ndinamva munthu akuseka, ndipo anali ine. Pokwera mbali inayo ndinaimirira pa mapedulo, tcheni n'kulumpha pa giya yachinayi, monga ananenera mayi uja. Ndinatsika n'kuyang'ana kumbuyo: kachitsulo kogwira magiya kanali kopindika pang'ono kwambiri, kosaoneka njinga ili chilili. Ndinanyadira. Mwana ndinamukumbukira nditaona geti.

Ndinapalasa ngati wamisala kubwerera ku Kabwata. Ndinamupeza ali pamiyendo pa Baba, akuwakoka ndevu. Atandiona anayamba kulira n'kutambasula timanja, ine n'kuthamangira kuti ndimuyamwitse. Baba anamubweza pachifuwa pawo.

"Khala kaye pamthunzi. Imwa madzi awa. Beseni lili kuseri."

Kwathu mayi wochokera kutali padzuwa sayamwitsa nthawi yomweyo. Amati mkaka watentha, ndipo mwana akaumwa amatsegula m'mimba. Uyenera kukhala pansi thukuta liume, usambe bere ndi madzi ozizira, ufinyire pansi mkaka woyambawo, kenako umupatse. Baba anaziona kwa amayi anga, ndipo anazisunga monga amasungira masipanala awo. Ku koleji anatiuza kuti zimenezi n'zabodza. Ndinapita kuseri kwa shedi, n'kutembenukira kukhoma, n'kufinya.

Zinayamba choncho. Loweruka lililonse, bambo a mwana akapita ku ntchito yawo ya m'nyumba zosungira katundu ku Heavy Industrial Area, ine ndinkauza apongozi kuti ndikukathandiza Baba. Silinali bodza lonse. Ndinkakwera mabasi awiri, kumasula mwana, kutenga njinga imene yakonzedwa sabata imeneyo. Baba ankayala mkeka pakona, kutali ndi girisi, ndipo maola amenewo sankagwira chitsulo. Makasitomala ankadikira kapena kubwerera. Ankamuimbira zikiri, nyimbo za Chisilamu, motsitsa mawu, ankamudyetsa phala limene ndawasiyira, ndipo ndikafika ankapereka lipoti ngati kwa bwana.

"Wadya masupuni asanu ndi awiri. Wagona pang'ono. Wandikodzera kamodzi, koma tagwirizana kuti sitiuza munthu."

Nane ndinkapereka langa: buleki yakumbuyo ikuchedwa kugwira, chishalo chikutsika chokha, iyi ilibe vuto. Ndinayamba kugona bwino. Ndinayamba kutseka chitseko posamba. Apongozi anati mwana akukula ndipo mayi wake akukula naye, osadziwa chimene chinkandikulitsa.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pachimake, bambo wa pageti anandiuza kuti njira yofiira yatsegulidwa. Tsiku limenelo ndinali ndi njinga yopepuka kwambiri, imene ndinkatha kuinyamula ndi dzanja limodzi. Ndinadziuza kuti ndingoona poyambira pake. Njirayo inali yaitali kuposa mmene ndinkaganizira, ya miyala, ndipo munalibe podulira. Malo ena ndinkatsika n'kukankha. Malo ena ndinadutsa osatsika, ndipo ndisakunamizeni, sindinamvepo kukoma kotero. Nditatuluka dzuwa linali litapendeka kale.

Kulira kwa mwana ndinakumva ndili pa msewu. Mawu anali atasasa. Baba anali akuyenda naye uku ndi uku kutsogolo kwa shedi, malaya awo atanyowa. Beseni linali pamalo pake, kapu ya madzi ili pambali. Ndinagwetsa njinga ya eni, n'kumulanda mwana, n'kumupatsa bere ndili chiimire, thukuta likudonthera pamutu pake. Baba anawerama. Anadzutsa njinga, anaipukuta fumbi, kenako anakathira madzi a m'beseni pa mtengo wa mapeyala.

Mmawa mwake mwana anayamba kutsegula m'mimba. Pofika masana ndinali nditasintha matewera asanu ndi limodzi. Apongozi anamugwira paliwombo, anamuyang'ana m'maso, n'kutembenukira kwa ine.

"Amake mwana, dzulo munayenda padzuwa?"

"Ayi, amayi. Ndinali m'shedi tsiku lonse."

Bodzalo linatuluka lokha, losalala, ngati ndinalikonzekera.

"Ndiye ndi shediyo," anatero apongozi. "Mwana wayamba kukwawa. Girisi, matayala akale, fumbi la mumsewu. Ndinkaziona ine, koma ndinkati ndisalowerere za kwanu."

Lolemba tinapita ku kiliniki. Namwino anafunsa ngati akukwawa, ngati mano ayamba, n'kunena kuti ana a msinkhu umenewu amaika chilichonse m'kamwa, kunyumba kapena kwina kulikonse. Anatipatsa timapaketi ta thanzi ndi timapiritsi. Apongozi atatuluka kukatenga mankhwalawo, ndinafunsa monong'ona za mkaka wa padzuwa.

"Mami, mukaka siuwola mu bele," anatero namwino akulemba pakadi. "Pitilizani chabe kuyamwisa."

Ndinamva, ndipo ndinkadziwa kale. Koma ndikatseka maso ndinkaona thukuta langa pamutu pa mwana ndi Baba akuthira madzi pamtengo.

Mwana anachira patatha masiku anayi. Lachisanu apongozi anaimbira foni Baba ine ndili pomwepo, ndikusita. Analankhula mwaulemu wonse, kufunsa za mawondo, za ntchito, kenako anati mdzukulu ayambe wapuma kubwera ku Kabwata, chifukwa malo a zitsulo si a mwana. Foni yawo ndi yokweza mawu, choncho yankho ndinalimva.

"Zoona, asewere. Kuno n'kwa fumbi. Ndalakwa ine, ndinayenera kuganiza."

Ndinapitiriza kusita kolala imodzimodziyo.

Madzulo ake Baba anandiimbira pandekha. "Usanene kanthu, mama," anatero. "Iwe ukukhala nawo nyumba imodzi. Ine ndakalamba, mlandu sundilemera." Ndinavomera msanga. Ndinadziuza kuti ndikumvera bambo anga. Zoona zake n'zakuti ndinkaopa kuti ndikaulula, njinga ithera pomwepo, ndipo ndinkayembekeza kuti apongozi aiwala, zinthu n'kubwerera mwakale.

Panadutsa Maloweruka atatu. Sindinapite ku Kabwata, chifukwa kupita wopanda mwana kukanafuna kufotokoza. Chala changa chinabwerera pansi pa mphuno ya mwana. Bambo ake anandifunsa kawiri ngati ndikudwala.

Lachisanu la sabata yachinayi, atachoka ku mzikiti, Baba anabwera okha ku Chelstone. Sakonda mabasi, ndipo pakhomo pathu anali atafikapo kawiri kokha. Anavala mkanjo wawo woyera ndi kofiya, atanyamula nthochi m'kapepala. Apongozi anawalandira pabalaza, ine n'kupanga tiyi. Mwana anali pamkeka. Atamva mawu awo anakwawa molunjika n'kugwira mkanjo. Baba sanamunyamule. Anayamba atambasula manja awo kwa apongozi, kuwaonetsa kuseri ndi kutsogolo, ngati mwana wa sukulu pa mzere wa ukhondo. Zikhadabo anali atawenga mpaka pamnofu. Khungu la m'mbali mwake, limene ndalidziwa lakuda moyo wanga wonse, linali lofiira chifukwa chokwecha.

"Ndingamunyamule, asewere?"

Ndinaika thireyi patebulo, n'kugwada pafupi ndi mpando wa apongozi.

"Amayi, ndinakunamizani."

"Mama, tiyiyu alibe shuga," anatero Baba mwamsanga. "Takatenga shuga."

"Shuga ali pomwepo, Baba."

Ndinanena zonse. Za lamulo la Baba, za mawondo awo, za tinjira ta m'tchire, za thalauza, za njira yofiira. Ndinati tsiku limenelo ndinabwera thupi lili moto ndipo ndinayamwitsa osafinya, Baba atandikonzera madzi. Za namwino sindinanene. Ndinkafuna mlandu uchoke pa shedi ubwere pa ine, ndipo mkaka wa padzuwa ndiwo unali njira yachidule.

Apongozi anayang'ana Baba. Mwana anali atakwera kale pamiyendo pa Baba, akufunafuna m'thumba la mkanjo.

"Asewere," anatero apongozi, "ndinakulakwirani. Mundikhululukire."

"Palibe kanthu, asewere. Fumbi lilikodi."

Kenako anatembenukira kwa ine. Sanakalipe, ndipo mwina kukalipa kukanandipepukira.

"Za njingazo ine sindinazimve. Mukambirane ndi amuna anu. Koma ndinene ziwiri. Mwana wokwawa sakhala pa zitsulo mayi wake palibe, ngakhale agogo ake asambe m'manja kakhumi. Ndipo mayi wochokera padzuwa asamapeze mwana pafupi, chifukwa akalira simupirira, mwaonetsa kale. Mukafuna kupita naye ku Kabwata, pitani naye, koma akhale pamsana panu mpaka mubwere. Mukafuna zanuzo, musiyeni kuno. Pofika kuno ndi mabasi awiri, mkaka udzakhala utazizira." Anakonza mpango wawo. "Ine Loweruka lililonse ndimakhala pano manja ali pamiyendo, kumvetsera wailesi. Simunaganizepo kuti nanenso ndili ndi msana?"

Sindinaganizepo. Miyezi yonseyo ndinkawaona ngati munthu woti ndimuzembe.

Choncho zinali ziwiri, ndipo zonse zinali m'manja mwanga. Kupita ndi mwana, Baba n'kumamuona sabata iliyonse, ine n'kukhala pakampando kuyang'ana njinga zili chilili. Kapena kumusiya ku Chelstone. Baba ankayang'ana m'kapu yawo ya tiyi. Sanandithandize, ndipo ndikudziwa kuti anachita dala.

"Ndizimusiya kuno, amayi."

Sindinatenge ngakhale mphindi imodzi. Chimenechi ndicho chimandiwawa ndikachikumbukira. Ndikanakhala kaye chete, ndikanayerekeza kuganiza. Baba anagwedeza mutu n'kunena kuti ndi nzeru, njinga zitatu zikudikira kale, eni ake ayamba kudandaula. Anamusenda mwana nthochi, n'kumamudyetsa pang'onopang'ono ndi chala.

Bambo a mwana nditawauza madzulo, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe? Wamene uopa na kuwoloka Great East Road?" Anaseka mpaka kukhala pansi. "Nenze kuona mabala ku miyendo, nenze kuganiza ni mbaula." Kenako anasiya kuseka n'kunena kuti ndigule chisoti changachanga, ndisamabwereke za anthu, ndipo foni izikhala yoyaka. Zinathera pomwepo. Chinthu chimene ndinachibisa miyezi inayi chinatha ngati nkhani ya mtengo wa tomato.

Tsopano papita miyezi isanu ndi iwiri. Mvula inabwera n'kugumula makona ena, amuna a makasu aja n'kuwamanganso, ndipo awonjezera njira ina yodutsa m'mphepete mwa kamtsinje. Ndimaidziwa miyala ya njira yofiira umodziumodzi. Apongozi ndi mdzukulu wawo ali ndi zawo za Loweruka zimene sandiuza, ndipo ndikafika ndimapeza onse awiri atagona pamkeka, wailesi ikulankhula yokha. Mwana sanadwalenso m'mimba. Ine ndili bwino kuposa mmene ndakhalirapo chibadwire chake, ndipo ndikuganiza kuti ndine mayi wabwinoko: sindimudzutsanso kuti ndione ngati ali moyo.

Ndinalonjeza Baba kuti Loweruka limodzi pamwezi ndizibwera naye osakwera njinga. Ndasunga lonjezolo kanayi. Maulendo enawo kunkakhala njinga yofulumira, kapena kunja kunkacha bwino kwambiri, mitambo yokhayokha popanda mvula, ndipo ndinkadziuza kuti sabata yamawa. Baba sanandikumbutsepo. Ndikalowa pageti, maso awo amayamba apita paphewa panga, pamene pamatulukira kamutu, kenako amabwera pankhope panga, n'kumwetulira, n'kuyamba kundiuza za magiya.

Mwezi wathawu ndinapita naye. Akuyenda tsopano, ndipo amatchula mawu angapo. Titafika, Baba anagwada pa mawondo awo owawa aja n'kumuitana. Mwana anawayang'ana, n'kubisala kuseri kwa siketi yanga. Anagwira mwendo wanga mwamphamvu. Baba anakhalabe chogwada, akulankhula naye motsitsa, osamufulumiza, mpaka patapita nthawi anatuluka n'kuwagwira mphuno. Pobwerera Baba anandiperekeza kokwerera basi, chinthu chimene sachita kawirikawiri, ndipo ali pawindo anati, "Wakula bwino, mama. Asewere akumusamala." Anatero ndi mtima wonse.

M'basimo ndinalira mpaka ku tauni, mwana akusewera ndi zipi ya chikwama changa. Koma Loweruka lotsatira ndinamusiya ku Chelstone, ndipo pa chitsikiro chachitali chija ndinasekanso.

Anzanga a ku koleji ndikanawafunsa akanati mayi ayenera kudzisamala. Azakhali anga akanati ndine wodzikonda. Onsewo sanawaone Baba atagwada. Inu amene mwawerenga mpaka pano, makamaka amene muli ndi mwana wamng'ono ndi kholo limene likukalamba mbali ina ya tauni, ndiuzeni mosandinyengerera: pamene ndinayankha apongozi mofulumira chotero, ndinachita bwino?